Kachilombo ka Kaodzera Komwe Ndinasokera Mwana Wanga

Ine ndine telala, ndipo ndakalambira pakhonde la sitolo ina ku Area 2, kutauni yakale ya Lilongwe. Ndasoka zambiri pamoyo wanga: mayunifolomu a ana a sukulu, madiresi a amayi a kumpingo, masuti a akwati, ngakhale zovala zoika nazo maliro. Koma chinthu chomwe anthu anandiombera nacho m'manja, kamodzi kokha, chinali kachilombo. Inde, kachilombo ka matenda a kaodzera, ka nsalu ya chitenje, kotalika ngati mkono wangawu. Anandituma kuti ndikasoke ndi mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene Mulungu anatipatsa ine ndi malemu mayi ake.

Ndiyambe ndi kasokedwe kanga, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ine sindisoka chovala chothina. Ndikamadula nsalu ndimasiya ina yambiri mkati mwa msoko, m'mbalimu ndi kumpendero, kuti mwini wake akakula kapena akanenepa angobwera nacho, ndimasule msoko, chimukwanenso. Mkulu amene anandiphunzitsa ntchito ankati nsalu sadulira thupi la lero. Makolo a ana a sukulu ankandikonda chifukwa cha zimenezi. Atsikana a masiku ano ndiye ayi, ankati akayesa diresi amvekere, "Madala, mwatisokera thumba la chimanga!" Ine ndinkangowayankha kuti apite kwa anyamata a kuseri kwa msika, akawamate nsalu pathupi ngati bandeji. Zovala zonse za mwana wanga, kuyambira kadiresi kake ka ubatizo, ndinkasoka choncho, ndipo yunifolomu yake ya kusekondale ndinaimasula msoko mpaka nsalu ya mkati inatha.

Tinkakhala ku Area 3, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yaikulu ya eni malo, kaja amati boyizikota. Mayi ake anamwalira iye ali kusekondale, ndiye tinatsala awiri. Mwanayo anali ndi mutu, sindikudzitama ayi. Anapita ku yunivesite, atamaliza anapeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku Ulaya. Tsiku lomwe ndinamuperekeza kubwalo la ndege ndinabwerera kunyumba, ndinachapa zofunda zake, n'kuyalanso bedi lake bwinobwino. Mumtima ndinati akamaliza abwera, ndipo adzandipeza pomwe anandisiya.

Kudikira munthu ku Area 3 n'kowawa, abale. Kuli mipanda italiitali, mageti achitsulo ndi agalu. Munthu ukhoza kudwala sabata yathunthu, woyandikana naye osadziwa n'komwe. Madzulo ndikaweruka ndinkakwera kamtunda kuchokera kumlatho wa mtsinje wa Lilongwe, n'kudutsa pansi pa mitengo ya maluwa ofiirira ija, kupereka moni kwa mlonda wa pageti, basi mawu anga atha mpaka mawa. Loweruka lililonse ndinkasesa chipinda cha mwana wanga, kutsegula windo kuti mulowe mphepo, n'kutsekanso. Ndinkasungulumwa kwambiri, ndinene mosabisa. Nthawi zina ndinkayatsa wailesi osati kuti ndimvere, koma kuti m'nyumba mungomveka munthu akuyankhula.

Ntchito nayo inali itayamba kundithawa. Kaunjika anatilanda anthu, ndipo maso anga anayamba kuchita chifunga. Kulowetsa ulusi pasingano kunasanduka nkhondo. Mayi wina wogulitsa nthochi pafupi ndi makina anga ndiye ankandithandiza. Akangoona ndikulimbana nayo ankapukuta manja pachitenje, n'kubwera kudzandilowetsera ulusiwo. Mlongo wanga wa kumudzi ku Nsaru ankaimba foni pafupipafupi.

"Achimwene, mukudikira chiyani m'tauni? Bwerani kuno, nyumba ya malemu amayi ilipo. Mufuna mudzabwere m'bokosi?"

"Nanga mwana akabwera adzafikira kuti?" ndinkamuyankha choncho. "Munthu wophunzira ngati uja adzagwira ntchito ku City Centre, ndiye azidzayendera kuchokera ku Nsaru? Tandisiye iwe."

Mlongo wanga ankangoti, "Kaya," n'kudula foni. Ka "kaya" kameneko kankandikwiyitsa tsiku lonse.

Lamulungu masana, ndikabwera kutchalitchi, mwana wanga ankaimba foni yoonana nkhope. Ndinkaitsamiritsa pa botolo la mchere n'kukhala mowongoka ngati ndili kwa dokotala. Tsiku lina ndinamufunsa kuti andiuze bwinobwino zomwe ankachita kumeneko, chifukwa anthu akandifunsa ndinkasowa choyankha.

"Ndimafufuza za kachilombo koyambitsa kaodzera, adadi. Kaja kamalowa m'thupi munthu akalumidwa ndi kashembe."

"Chabwino. Ndiye umawapatsa mankhwala odwalawo?"

"Ayi, ine si dokotala wa anthu. Ndimaona za mchira wake wa kachilomboko."

"Mchira?"

"Osatinso mchira wonse. Kachikopa kokuta mchirawo."

Ha! Ndinaseka, koma mkati ndinali nditapsa mtima. Ine kukhala ndekha ngati kadzidzi zaka zonsezi, mwana ali kutsidya kwa nyanja kuyang'ana chikopa cha mchira wa chinthu chosaoneka ndi maso! Ndinamuuza kuti mchira wa mbuzi bola, umathamangitsa ntchentche. Iye sanakhumudwe. Anandifotokozera pang'onopang'ono, monga ankachitira mayi ake ine ndikayamba makani.

Anati kachilomboko n'kakang'ono zedi, sungakaone popanda makina okulitsa zinthu, ndipo kamasambira m'magazi ndi mchira womwe unamatirira m'mbali mwa thupi lake n'kutulukira kumapeto. Mchirawo ndi wokutidwa ndi kachikopa kopyapyala. Kachikopako pakokha sikadziwa kupindika mozungulira mchira, kali ngati nsalu yongoyala patebulo. Ndiye mkati mwake muli tinthu tina totchedwa mapuloteni, tina topindika ngati nthochi, timene timakagwira n'kukapinda kuti kakute mchira bwinobwino. Iye ankaweta tizilomboto m'timabotolo, n'kumachotsa puloteni imodzi kuti aone chomwe chichitike. Anati atachotsa ina yake, kachikopa kanangoti lendee, ndipo tizilombo tinayamba kulephera kusambira. Mwina tsiku lina, anatero, wina adzapanga mankhwala kuchokera pamenepo.

"Ndiye kuti m'kachilombomo muli atelala," ndinatero.

"Eya, adadi. Ine ndikufufuza atelalawo."

Kuyambira pamenepo munthu akandifunsa ndinkati mwana wanga akufufuza atelala a m'kachilombo. Akafunsanso ndinkamuuza kuti apite kusukulu.

Chaka chomwe ankamaliza maphunziro ake, anaimba pakati pa sabata, zomwe sankachita. Anati kukhala msonkhano wa anthu ofufuza matenda otere pa hotela ina ku City Centre, ndipo iye akubwera kudzayankhula. Kenako anati ali ndi pempho. Zithunzi za pakhoma anthu amaodzera nazo, ndiye ankafuna chinthu chogwirika ndi manja. Ndimusokere kachilombo ka nsalu, kakakulu, ndi mchira wake womwe. Ananditumizira chithunzi pafoni.

Funso lomwe linali pakamwa panga sindinamufunse. Ndinkafuna kudziwa ngati akubwereratu kapena akungodzacheza, koma ndinaopa yankho. Ndinangodziuza kuti sukulu yatha, ndiye kwatsala chiyani kumeneko? Ndinapaka laimu m'chipinda chake, ndinagula neti yatsopano ya udzudzu. Ndinalowa m'sitolo mogula nsalu n'kusankha zitenje ziwiri, china cha kachilombo, china chokongola kwambiri cha masamba obiriwira, choti ndimusokere diresi lodzavala poyamba ntchito. Ndinaimbiranso mlongo wanga kuti amve yekha.

"Akubwera mwana uja. Paja umati kaya?"

"Akubwera kudzakhala?" iye anafunsa.

Ndinamuuza kuti foni sikumveka bwino, n'kudula.

Kachilombo ndinakasokera pakhonde pomwepo, anthu akuona. Thupi lake ndinalidula lalitali, losongoka mbali zonse ngati tsamba la bulugamu, n'kulidzaza ndi zidutswa za nsalu. Mchira ndinapangira waya wa hang'ala, ndinaukulunga ndi thonje, kenako ndinausokera chikopa chake ngati mkono wa malaya. Odutsa ankaima n'kumayang'ana. Wina anafunsa ngati ndi mlamba kapena njoka. Mayi wa nthochi anasuntha lichero lake n'kukhala patali pang'ono, amvekere, "Madala, mwakalamba bwinobwino, musayambe zamasalamusi pano." Ndinamuuza kuti ichi ndi sayansi, ndipo akapitiriza ndimulumitsa. Diresi ndiye ndinkasoka m'mawa kusanadzadze anthu, ndi miyeso yomwe ndinaisunga m'mutu kuyambira tsiku lomwe ananyamuka.

Atafika sanagone kunyumba. Okonza msonkhano anali atamusungira chipinda kuhotela komweko. Zinandiwawa, koma ndinameza. Anabwera kukhonde masana a tsiku loti mawa lake ayankhula. Ndinaona galimoto ikuima, mukutuluka mayi wovala magalasi, tsitsi lodula lalifupi, ndipo ndinatsala pang'ono kumufunsa kuti akufuna kusoketsa chiyani. Anagwada pasimenti pomwepo, pa fumbi la Area 2, n'kugwira dzanja langa ndi manja awiri.

"Adadi, muli bwanji?"

"Ndili bwino, mayi wanga. Dzuka, udetsa zovala."

Ndinathamangira kutulutsa kachilombo m'thumba kuti asaone nkhope yanga. Anakalandira, anakatembenuza, anagwedeza mchira wake. Chikopa cha mchira chinangoti lendelende. Mwana wanga anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kwa ali wamng'ono, mpaka anavula magalasi kupukuta misozi.

"Adadi, mwasoka kodwala!"

"Kodwala bwanji? Taona msokowo, pali polakwika?"

"Msoko uli bwino. Koma chikopachi mwachisiyira malo, n'chachikulu kuposa mchira. Umu ndi momwe kamaonekera kachilombo tikakachotsa puloteni ija. Kabwinobwino chikopa chake chimagwira mchira ndithu, osasiya mpata."

Ndinayang'ana. Zoonadi, dzanja langa linali litachita zomwe linazolowera. Ndinali nditakasiyira kachilombo nsalu yoti kadzakuliremo! Mayi wa nthochi, amene ankamvetsera zonse, anaseka mpaka kugwetsa phava la nthochi. Ine ndinakwiya, ndinati ngati akufuna zothina apite kwa anyamata a kuseri kwa msika. Koma mwana wanga anati ayi, zachitika bwino kuposa momwe ankaganizira. Kodwalako akukafuna, koma pakufunikanso kena kabwinobwino kuti anthu akaone kusiyana kwake. Nsalu inali itatsalako. Anakoka kampando, n'kukhala pambali panga.

Masana amenewo sindidzawaiwala. Iye ankadula waya ndi kukulunga thonje, ine ndikupalasa makina. Anatenga choko changa n'kulemba mkati mwa chikopa malo oti ndipinde nsalu pang'onopang'ono, timapindo tating'ono totsatizana, kuti chikopa chizungulire mchira n'kuugwira. Anati timapindoto ndiye mapuloteni akewo. Tinagula chinangwa chokazinga, tinadyera pa nyuzipepala imodzi. Ankandifunsa za anthu akutchalitchi, amene anamwalira ndi amene anakwatiwa. Minibasi zinkaimba mahutala, fumbi linkadutsa, koma ine ndinkangomva kuti pambali panga pali munthu wanga.

Pakati pa ntchito ulusi unaduka. Ndinayesa kuulowetsa pasingano, unakana. Ndinayesanso, ndikuseka kuti singano za masiku ano amazipanga zopanda diso. Mayi wa nthochi anali atapukuta kale manja n'kuimirira, monga mwa masiku onse. Mwana wanga anamuyang'ana mayiyo, anandiyang'ana ine, n'kutenga ulusiwo m'manja mwanga.

"Zinayamba liti izi, adadi?"

"Ziti? Ndi fumbi chabe ili."

Analowetsa ulusi kamodzi n'kamodzi, ndipo kuchokera apo sanasekenso kwambiri. Kachilombo kachiwiri kanatuluka kothina bwino, ukakagwedeza mchira unkakwapula mphepo ngati chikoti. Sindinakakonde, koma ndivomere kuti kanali kokongola.

Mawa lake ndinavala suti yomwe ndinadzisokera pa ukwati wathu, imene ndinaimasulanso msoko kangapo, n'kukwera minibasi ya ku City Centre. Kumeneko ine sindipitapita. Misewu yake ndi yotakata, nyumba zili patalipatali, munthu woyenda pansi amaoneka ngati wasochera. Pakhomo la hotela mlonda anandiyang'ana kuyambira kunsapato, koma nditatchula za msonkhano anandilozera njira mwaulemu. Ndinakhala mpando wa kumbuyo kwenikweni, m'chipinda chozizira ngati mwezi wa Juni.

Chizungu ndimamva, koma chakumeneko chinali chothamanga, chodzaza mawu omwe sindinawamvepo. Anayankhula anthu angapo, ine ndikulimbana ndi tulo, n'kumaganiza kuti kaodzera weniweni ali muno. Kenako anaitana mwana wanga. Anaima kutsogolo osanjenjemera, anaonetsa zithunzi zake, ndipo pakati pa nkhani anawerama n'kutulutsa tizilombo tanga m'chikwama. Anakweza kothina, anakagwedeza, mchira unati kwapu! Anakweza kodwala, chikopa chinangoti lendee. Chipinda chonse chinaseka, ena anadzuka kujambula ndi mafoni. Apo ndinamva zonse, ngakhale Chizungu chinandipitirira. Kenako analoza kumbuyo n'kunena kuti wasoka ndi bambo ake. Mitu yonse inatembenuka, anthu anaomba m'manja. Ndinaimirira, manja anga osadziwa kopita, ndinangogwira mabatani a jekete.

Ndinanyada, eee, ndinanyada zedi. Koma atayamba kumufunsa mafunso ndinaona chinthu china. Ankayankha akumwetulira, ankatsutsana ndi akuluakulu a imvi, anzake ankamuitana uku ndi uku. Pa nthawi ya tiyi anandibweretsera kapu ndi mbale ya tinthu totsekemera, anakhala nane pang'ono, wina n'kumukoka dzanja. Ndinatsala ndekha pafupi ndi windo, kapu m'manja. Mumtima munalowa mantha, chifukwa ndinaona kuti mwana wanga pakati pa anthu amenewa sanali mlendo. Akuluakulu amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo mwambi umenewu ndinkaukonda pamene unkanena ana a anthu ena.

Kunyumba anabwera tsiku lomaliza la msonkhano, masana dzuwa likadali pamutu. Analowa m'chipinda chake, anaona laimu, anaona neti yatsopano ikadali yomanga pamwamba, bedi loyala. Anakhala pabedipo akusisita chofunda ndi dzanja. Ine ndinafulumira kutulutsa diresi la masamba obiriwira.

"Tayesa ili. Ndi lodzavala tsiku loyamba ntchito."

Ndinatuluka kuti avale. Atandiitana ndinamupeza ataima pakati pa chipinda, atagwira diresi m'chiuno ndi zala, nsalu yotsala ili mbali zonse ziwiri. Linamukhala ngati momwe zovala zake zonse zinkamukhalira zikakhala zatsopano.

"Ndi lokongola, adadi. Koma mulibweze m'mbalimu kuti lindigwire, ndipo nsalu ya mkatiyi muidule."

"Ndiidule? Nanga ukadzanenepa? Ukadzakhala ndi pathupi?"

"Zimenezo mudzandisokera lina. Adadi, ine ndinakula kale. Pomwe mukundionapa ndi pomwe ndafika."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndichite makani, koma iye anapitiriza, maso ali pansi. Anati kumene amaphunzira kuja amupatsa ntchito yopitiriza kafukufuku wake, ndipo wavomera. Ndege yake inali ya mawa lake m'mawa. Anati azibwera kudzandiona, koma zodzakhala kuno sakudziwa kuti n'liti, mwina zaka zambiri, mwina ayi ndithu, ndipo sakufuna kundinamiza. Anali atayankhula kale ndi azakhali ake a ku Nsaru.

"Musandidikirire muno, adadi. Maso anu ndawaona. Mukadzagwa m'nyumba muno adzakutolani ndani, mlonda wa pageti? Pitani kumudzi kuli anthu. Chonde."

Asa! Mutu wanga unatentha. Ndinamufunsa ngati iye ndi azakhali akewo anakhala upo wondisamutsa ngati katundu. Ndinamufunsa ngati mchira wa kachilombo waposa bambo ake omubala. Ndinamuuza kuti chipinda ichi ndachisesa Loweruka lililonse ngati wopenga, kudikira munthu amene alibe nacho ntchito. Misozi yake inkangotsika n'kugwera pa diresi latsopano. Ndinatuluka n'kupita kumpope kuseri, ndinatsegula madzi n'kumasamba m'manja mopanda litsiro.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Galu wa eni nyumba ankandiyang'ana ali pa unyolo wake. Ndinalira, mwamuna wamkulu ine, ndinalira ngati tsiku lomwe tinaika mayi ake. Ndani anamutumiza kusukulu? Ndani ankadzitama pakhonde kuti mwana wake ali ku Ulaya? Walira mvula walira matope. Ndipo mwana amene anali m'nyumbamo sanandibisire, anandiuza pamaso, pomwe akanatha kukwera ndege n'kumandilonjeza chaka chamawa mpaka ine kufa.

Nditabwerera ndinamupeza ataima pomwe ndinamusiya. Ndinatenga mapini.

"Tawongoka. Kweza manja."

Ndinamangira diresi ndi mapini m'mbali zonse, kutsata thupi lake, thupi la munthu wamkulu lomwe miyeso yake sindinkaidziwa. Pansi pa bedi langa panali makina apamanja a malemu mayi ake. Ndinawatulutsa, ndinawapukuta fumbi, ndinawathira mafuta. Ulusi analowetsa ndi iye, ndipo ine sindinanamizirenso fumbi. Ankazunguza chogwirira, ine ndikuwongolera nsalu. Titamaliza, nsalu yotsala mkati inali yambiri moti ikanamatukumula diresi m'mbali. Panalibe kuchitira mwina.

Ndinatenga sizasi. Chiyambire ntchito yanga ndinali ndisanadulepo nsalu imeneyo pa chovala cha munthu aliyense, chifukwa msoko umamasulika koma chodula sichibwerera. Ndinayamba kukhwapa, ndinatsika mpaka kumpendero, mbali iyi, kenako mbali inayo. Pansi panagwa timizere tiwiri ta nsalu, titalitali, ta masamba obiriwira. Atavalanso, diresi linamukhala bwino kwambiri moti zinandipweteka. Anaoneka ngati mayi ake tsiku lomwe ndinawaona koyamba.

Tinaphika limodzi, tinadya, tinapemphera. Dzuwa lisanalowe galimoto inabwera kudzamutenga. Anagwadanso pakhomo, ndinamugwira pamutu, ndinati ayende bwino, akawapatse moni atelala akewo. Anaseka uku akulira. Ananyamuka atavala diresi lija, tizilombo tonse tiwiri tili m'chikwama. Geti linatsekeka, ndinabwerera m'nyumba. Posesa ndinatola timizere tija. Sindinadziwe chochita nato, ndinangotipinda n'kutiika m'thumba la jekete.

Sindinasamuke msanga, ine ndi wamakani. Ndinakhalabe mpaka mvula inatha, ndikusesa chipinda chija Loweruka ngati kale. Koma tsache linkalemera, chifukwa tsopano ndinkadziwa kuti sindikusesera munthu. Tsiku lina ndinaimbira mlongo wanga kuti azire nyumba ya amayi. Sananene "kaya", sananenenso kuti ndinakuuzani. Anangoti, "Bwerani, achimwene."

Kalole kanabwera m'mawa. Tinakweza mabedi awiri, mipando, makina apamanja ndi neti ija yomwe sinagonedwepo. Tinatsika mpaka ku Area 2 kukatenga makina anga apakhonde. Mayi wa nthochi anandiikira phava lonse m'manja, n'kutembenukira kumbali akupukuta maso ndi chitenje. Pokweza makinawo, dalaivala anati chitsulo chopondera ndi gudumu lake zimangidwe, apo ayi ziziguluka m'mabampu mpaka kuthyoka. Chingwe chinali chitatha. Dalaivalayo anayang'ana uku ndi uku, ine ndinapisa dzanja m'thumba la jekete kufuna mpango, ndipo ndinakhudza timizere tija.

Ndinamanga ndekha, kamodzi pa gudumu, kena pa chopondera, mfundo ziwiriziwiri. Tinawoloka mlatho, tinadutsa m'munsi mwa Area 3, ine osacheuka. Msewu wa kwathu ndi woipa, koma tinakafika ku Nsaru nsaluyo isanamasuke.

Makinawo ali pakona m'nyumba ya amayi, sindinawapalasenso. Mwana wanga amaimbabe Lamulungu masana, ndipo ndimakaimirira pachulu kuseri kwa khola kuti foni imveke. Tsiku lina mlongo wanga anabwera ndi mpeni kuti adule timizere tija, akuti mdzukulu wake aphunzire kusoka. Ndinamulanda mpeniwo. Ndinamuuza kuti makina atenge, ndimasula ndekha mfundozo, koma nsalu imeneyo asaikhudze, ndi ya mwana wanga.